Kaseti ya ku Mongue Imene Ndinakana Kufufuta

Ana anga, inu mumandidziwa ngati mdala wovuta amene amakulandani foni paukwati n'kumati mwaigwira molakwika. N'zoona, mumaigwira molakwika. Koma popeza maso ayamba kuchita nkhungu ndipo ntchito ndinaisiya, ndati ndilembe mmene ndinayendera, kuti tsiku lina mukadzatsegula sutukesi yanga yachitsulo n'kupezamo kaseti yakale yaing'ono, musadzaitaye kudzala.

1993

Tinabwerera ku Milange kuchokera kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi mvula itangotha, ine ndi amayi anu, katundu yense atakwana panjinga imodzi. Pamene panali nyumba ya bambo anga tinapazindikira ndi mtengo wa mango basi. Kulima ndinkadziwa, koma mtima sunali kukhasu. Ndiye nditamva kuti pafupi ndi malire pali mkulu wina amene akufuna munthu woonetsa vidiyo, ndinapita osasamba n'komwe. Mkuluyo anali bwana Chikopa, wamalonda wobadwira ku Malawi, amene anawoloka ndi sopo, shuga ndi mchere n'kutsegula loja, ndiye kuti sitolo, ife eni dziko tikadali kusema mitengo ya denga. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wosaba koma wosakhululuka msanga. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nati, "Iwe, jenereta umaidziwa?" Ndinati, "Ndimaidziwa bwino, bwana." Linali bodza. Ndinaidziwira pomwepo, ndipo chingwe chake chinandisupula chala tsiku loyamba lomwelo.

Nyumba ya vidiyo inali chisakasa cha mphasa, mabenchi a matabwa, tivi imodzi ndi deki yoikamo makaseti. Mafilimu tinali nawo ochepa, moti imodzi ndinkaionera mpaka kuiloweza. Anthu ankabwera kudzaonera zibakera za m'mafilimuwo. Ine zibakera zinanditopetsa, ndiye ndinayamba kuona zina zimene anzanga sankaona. Ndinaona kuti kamera ya mufilimu sinjenjemera. Ndinaona kuti kuwala kumachokera m'mbali mwa nkhope, osati pamutu. Munthu akafuna kulira, kamera imamuyandikira pang'onopang'ono, ndipo anthu akumbuyo kwake saoneka bwino. Ndinaonanso kuti saonetsa zonse: munthu akatuluka pakhomo, chithunzi chotsatira ali kale kumsika, njira yonse aidula. Sukulu yanga inali imeneyo, aphunzitsi ena ndinalibe.

1994

Chaka chotsatira bwana anabwera kuchokera ku Limbe ndi kamera yogwirapo kale, ataikulunga m'chitenje cha akazi awo ngati khanda. Inabwera ndi makaseti ang'onoang'ono awiri okha, ndipo iliyonse inkadzaza ola lisanakwane. Makaseti amenewa mu deki sankalowa, ankaonetsa kudzera mu kamera momwemo. Ntchito inkayenda motere: ndikajambula ukwati, ndinkalumikiza kamera ku deki ndi waya n'kusamutsira zithunzi pa kaseti yaikulu ya mwini ukwati. Ndikatero ang'onoang'ono aja ndinkajambulaponso ntchito ina, zakale n'kufufutika. Atsopano ankapezeka ku Limbe, nakonso mwamwayi. Kamera inkagona kunyumba kwa bwana, m'kabati yokiya.

Ukwati woyamba ndinauwononga, ndisakunamizeni. Ndinkathamanga uku ndi uku, kukoka zithunzi pafupi, kuzikankhira kutali, mpaka apongozi a mkwati poonera anatuluka panja nati akumva chizungulire. Manyazi amenewo ndi amene anandiphunzitsa. Ndinadula nsungwi zitatu n'kupanga miyendo yoimikapo kamera, ndipo batani lokokera zithunzi ndinalimata pulasitala kuti chala chikayabwa chisapeze pogwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabokosi a tiyi ochokera ku Mulanje ankakhala ndi pepala lonyezimira m'kati. Ndinalimata palichero, ndipo licherolo ndinkalitsamiritsa pampando kuti libwezere kuwala pankhope ya mkwatibwi. Ndikafuna kuti chithunzi chiyende mosalala, ndinkamangirira kamera pakaliyala ya njinga, kuphwetsa matayala pang'ono, n'kumakankha ngati ndanyamula mazira. Dzuwa la paliwombo ndinkadana nalo kwambiri, chifukwa limakumba maenje m'maso mwa anthu. Akwati ndinkawajambula m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo ndinkawaimika patali ndi khamu kuti akumbuyo azioneka mwachimbuuzi, maso a woonera asamwazike. Posamutsa ndinkadula zotopetsa zonse. Chaka chisanathe anthu ankati, "Ukwati wa uje waoneka ngati wa mufilimu." Kuyambira pamalire mpaka kuseri kwa phiri la Tumbine panalibe wondiposa. Musaseke kuti kamera inali imodzi yomweyo, ngakhale zikanakhala khumi bwenzi zili chimodzimodzi.

Makaseti a maukwati ndi zikondwerero tinkawaonetsa m'chisakasa chathu Lachisanu masana eni ake asanawatenge. Pamenepo m'pamene ndinayamba kuona mayi ena ogulitsa nthochi pamalire. Tsiku la zibakera sankabwera, koma ikakhala kaseti ya konkuno ankakhala benchi lakutsogolo, dengu pamiyendo, osaphethira. Akwati sankawayang'ana, maso awo ankakhala m'mbali mwa chithunzi. Anthu anandiuza kuti pothawa nkhondo anasiyana ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri powoloka mtsinje wa Ruo, ndipo amuna awo anamwalira kukampu. Kawiri konse anandiimitsa kaseti nati amuona, ndipo kawiri konse anali mwana wa eni. Tonse tinkangowatcha mayi a nthochi. Ndinkawaseka kuti, "Mayi, lero mutipezera mwana wa ndani?" Iwo ankangomwetulira n'kundithyolera nthochi imodzi. Dzina lawo sindinawafunsepo, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

1995

Mvula itatha, akhristu a ku Mongue anamaliza kufolera tchalitchi chawo chimene chinapsa pankhondo. Tsiku lotsegulira anakonza zodalitsa maukwati onse a anthu amene anatengana kukampu. Kunabwera anthu ochokera kutali, ena wapansi kuchokera ku Molumbo. Ndinapalasa njinga ya bwana, batire ya galimoto kumbuyo, osapatuka m'njira yopondedwa chifukwa m'tchire munali mukadali mabomba okwirira. Pakaseti yoyamba ndinajambula mapemphero ndi akwati, ndipo zinatuluka bwino mwakuti ndinadziombera m'manja mumtima.

Itakwana nkhomaliro, dzuwa lili paliwombo, katekisiti wa pamalopo, a Mulewa, anandigwira mkono nati, "Achimwene, tsopano jambulani anthu." Ndinati, "Aphunzitsi, kodi amene ndajambulawa ndi mbuzi?" Sanaseke. Anandifotokozera kuti kumeneko, chibwerereni, pamsonkhano uliwonse munthu amene akusaka m'bale wake amaimirira n'kutchula dzina lake, kumene akukhala, ndi amene akumufunayo. "Mawu athu amathera pabwalo pano," anatero, "koma makina anuwa amayenda." Ndinawauza za dzuwa, ndinawapempha adikire lipendeke. Anati a ku Molumbo anyamuka akangotha kudya. Ndiye anthu anafola mzera pakhoma loyera la tchalitchi, dzuwa likuwamenya pamutu, aliyense n'kumabwera kutsogolo kwa kamera ngati akudzabayitsa katemera. Ndinaika kaseti yachiwiri, kuimika kamera pansungwi, kuyatsa, n'kukakhala pamthunzi ndikung'ung'udza kuti akundithera kaseti pachabe. Inayenda mpaka kudzaza. Zimene ankanena sindinamve ngakhale chimodzi. Nditabwerera ku Milange, posamutsa, mzera wonsewo ndinausiya. Ndinkati a ku Mongue adzandithokoza okha akaona kukongola kwa zotsalazo.

Loweruka la sabata yomweyo unali ukwati wa Tereza, mwana woyamba wa bwana Chikopa. Kamera ija kwenikweni anaigulira tsiku limeneli. Lachisanu masana ndinaonetsa kaseti ya ku Mongue m'chisakasa. Munali chithunzi china chimene ndinkachinyadira, chapanjinga: mkwatibwi akutuluka m'tchalitchi, nkhope ili mbee, ndipo kumbuyo kwake mtsikana atasenza ndowa akudutsa mwachimbuuzi. Mayi a nthochi anaimirira, dengu n'kugwa. "Imitsani, achimwene." Ndinaimitsa, chithunzi n'kumanjenjemera. Anayandikira mpaka mphuno kugunda galasi. "Akuyenda ngati bambo ake, phewa lakumanzere lili pansi. Nanga nkhope sikuoneka chifukwa chiyani?" Anthu kumbuyo anayamba kudandaula kuti mayi aja ayambanso. Nkhopeyo ndinaibisa dala ndine, kuti aoneke bwino mkwatibwi. Mayiwo anatembenuka nati, "Palibe zina zimene munajambula kumeneko?" Ndinawauza za mzera wa mayina, ndinawauzanso kuti uli pakaseti yaing'ono imene mawa ndijambulapo ukwati. Iwo anati, "Mundionetseko kokha. Akakhala si iye, ndisiya kukuvutitsani."

Ndinathamangira kuloja kukapempha kamera kwa ola limodzi. Bwana anali pakati pa matumba a mpunga waukwati. Anati, "Mayi ameneyo waona mwana wake kangati m'makaseti anga? Batire ndakatchajitsa ku Muloza, ndi yamawa. Kamera situluka m'kabati." Sindinganene kuti ankalakwa. Ndinazungulira maloja a tsidya lino ndi a tsidya linalo kufuna kaseti yaing'ono yatsopano, osaipeza.

Ndiye ndinakonza nzeru yanga. Ndinati ukwati wonse ndiupanikiza pakaseti yoyamba, kujambula pang'onopang'ono zofunika zokha, monga amachitira mufilimu. Luso limenelo ndinali nalo. Chimene sindinawerengere ndi mlaliki, amene anali mkulu wawo wa bwana, wochokera ku Malawi. Atangotsegula buku, bwana anandinong'oneza kuti, "Ulaliki wonse ulowe." Mkulu ujayo analalikira ngati sadzapatsidwanso guwa. Pamene akwati ankatuluka pakhomo la tchalitchi, kaseti yoyamba inali itadzaza, malumbiro ali momwemo, moti sindikanatha kujambulaponso.

Kumadyerero, kunyumba kwa bwana, kaseti yachiwiri inali m'thumba la malaya anga, italembedwa ndi dzanja langa kuti Mongue. Nyimbo zinayamba. Tereza anaimirira kuti avine ndi bambo ake, ndipo bwana anandikodola. Ndinatulutsa kaseti ija. Ndikanangoiika n'kudina batani, anthu onse a pakhoma paja akanayamba kufufutika mmodzimmodzi. Koma mwina mtsikana wa ndowa sanafole n'komwe pamzera, kapena anafola koma ndi mwana wa eni monga awiri oyamba aja. Komanso Tereza anali asanandilakwire chilichonse, ndipo munthu akwatiwa kamodzi. Nditakweza maso ndinaona mayi a nthochi ataima kunja kwa mpanda. Sankayang'ana akwati, ankayang'ana dzanja langa. Ndinatsegula kamera, n'kuchita ngati ndikuikamo kaseti, n'kutseka mulibe kanthu. Kasetiyo inabwerera m'thumba.

Ana anga, pamenepa ndinachita mantha, ndipo sindidzikhululukira. Ndikanawauza bwana pomwepo. M'malo mwake ndinajambula mphepo mpaka dzuwa kupendeka. Ndinaimika nsungwi, ndinatsamiritsa lichero, ndinakankha njinga mozungulira akwati. Kuwala kwa tsiku limenelo kunali kokoma kuposa kwa ukwati uliwonse umene ndinajambulapo. Bwana anavina mpaka kuvula jekete, akubwera kutsogolo kwa kamera n'kumaloza chala kuti, "Wandigwira, iwe?" Ine n'kumati, "Ndakugwirani, bwana."

Lamulungu masana abale onse anasonkhana pabalaza pa bwana kuti aonere asanabwerere kwawo. Ndinafika ndi mayi a nthochi n'kuwakhazika pansi pafupi ndi chitseko. Palibe amene anafunsa, ankayesa ndi achibale a kuchimuna. Ndinalumikiza kamera ku tivi. Kaseti yoyamba inasangalatsa onse, makamaka mlaliki. Itatha bwana anati, "Ika ya magule." Ndinaika. Pagalasi panatuluka khoma loyera ndi mdala wina wotsinzina chifukwa cha dzuwa, akutchula dzina la mkazi wake. Bwana anati, "Wasokoneza kaseti." Ndinaimirira n'kunena kuti, "Sindinasokoneze, bwana. Magule sindinajambule. M'kamera munalibe kaseti." Bwana anadzuka kuti akazimitse, koma Tereza, misozi ili kale m'masaya, anati, "Asiyeni, bambo. Poti zanga palibe, tione chimene anandisinthanitsa nacho."

Ndiye tinaonera. Zithunzi zinali zoipa monga ndinanenera: mithunzi m'maso, khoma lothobwa, kamera itangoti njo malo amodzi. Koma nkhope iliyonse inkaoneka yonse, ndipo mawu ankamveka. Wina ankafuna mlongo wake, wina ana awiri, wina ankangoti aliyense wa m'mudzi mwawo. Ena ankalankhula Chinyanja, ena Chilomwe, ena ankayamba ndi Chipwitikizi n'kuthera m'misozi. Anadutsa anthu ambiri, mtsikana wa ndowa osaoneka. Kaseti itatsala pang'ono kutha, kunabwera mtsikana wamtali, nkhata ikadali m'manja, phewa lakumanzere lili pansi. Analankhula Chinyanja chopotoka, cha munthu amene wakulira m'Chilomwe. "Ine ndine Rosita. Ndikukhala ku Molumbo kwa anthu amene ananditola. Ndikufuna amayi anga, a Esinati. Tinasiyana pamtsinje."

Mayi a nthochi sanakuwe. Anakwawa ndi mawondo kudutsa pakati pa miyendo ya alendo mpaka kufika pa tivi, n'kuika chikhatho pagalasi. Anati, "Esinati ndine." Dzina lawo ndinalidziwira pamenepo. Mtsikanayo ananena mawu amenewa pamaso pa kamera yanga, ine ndili pamthunzi kudandaula za dzuwa, ndipo posamutsa ndinamudula ndi dzanja langali.

Bwana anatembenukira kwa ine. Kenako anati, "Iwe, wandivinitsa pamaso pa bokosi lopanda kanthu, paukwati wa mwana wanga." Ndinati, "Inde, bwana." Anati, "Kamera isiye patebulo. Ntchito yatha." Anatulutsa okha kaseti ija n'kundiika m'manja. Ndili pakhomo anandiitananso. "Njinga ubweze Lachisanu. Ku Molumbo n'kutali."

Tinanyamuka m'mawa mwake, mayi Esinati pakaliyala pamene ndinkamangirira kamera. Tinadzera ku Mongue kwa a Mulewa, amene anadziwa gulu limene Rosita anabwera nalo. Sanandidzudzule, anangoti, "Makina aja ayenda, eti?" Tinafika pamudzipo tsiku lachitatu dzuwa litapendeka. Rosita anali kusinja chimanga kuseri kwa nyumba. Atationa anasiya munsi, ndipo awiriwo anaima moyang'anana osagwirana. Mayi analankhula Chinyanja, mwana anayankha Chilomwe, kenako onse anakhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira. Kuwala kunkachokera m'mbali, ndendende mmene ndinkafunira masiku onse. Manja anga anakwera okha kufuna kamera, koma ndinalibe. Ndinangogwira njinga n'kumalira nawo.

Zaka zotsatira

Ndinalima nyemba ndi kuwolotsa katundu pamalire zaka zingapo mpaka ndinagula kamera yangayanga. Ndinagwira ntchito imeneyi mpaka mafoni anatilanda msika, ndipo luso langa silinatsike: nsungwi, lichero, njinga, dzuwa lopendeka, zonse ndinapitiriza. Chimene chinasintha n'chakuti kumapeto kwa kaseti iliyonse ndinkayendetsa kamera pang'onopang'ono pakhamu lonse, nkhope ndi nkhope, ophika ndi otunga madzi omwe, ndipo pamenepo sindinkadula. Ena ankati pakutopetsa. Ndinkawauza kuti akatopa azimitse.

Bwana Chikopa anatha zaka ziwiri osandiyankha moni, ndipo ndinkawamvetsa. Tereza ndinakamupepesa. Ubatizo wa ana ake onse ndinajambula ndine, ndipo mpaka lero akandiona kumsika amandifunsa kuti, "Achimwene, muli kaseti?" Timaseka, koma gule wa iye ndi bambo ake palibe amene adzamuonenso, ndipo bambo akewo anatisiya. Mlandu umenewo ndi wanga. Mutandibwezera tsiku lija, kaseti ndingaibwezenso m'thumba, kungoti ndinganene zoona msanga.

Kaseti ya ku Mongue ndinaithyola kadzino kake kakumbuyo, kuti makina alionse akane kujambulapo. Zithunzi zake n'zoipa kuposa zonse zimene ndinajambulapo, musadzaonetse anthu kuti ndi luso la bambo anu. Koma muisunge pouma, ndipo mukapeza wodziwa kusamutsira m'mafoni anuwo, musamutse yonse osadula. Pamzera uja panali anthu ambiri. Wopezeka amene ndikumudziwa ine ndi Rosita yekha. Enawo akadali pakhoma paja, akutchula mayina.